Chinangwa Chachisanu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakana kuwerenga. Sindikunena kuwerenga kwa a, e, i, o, u, kumeneko ndinalibe nako vuto. Ndikunena kuloza zinthu ndi chala n'kunena kuti zilipo zingati. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndili Sitandade 1, ndipo mutu wanga uwu unali wouma kale ngati mmene uliri lero.

Tinkakhala m'malaini a esiteti ina ya tiyi kuseri kwa Chitakale, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene khomo lake linkayang'ana kuphiri. M'nyumbamo tinalimo anthu asanu. Munali abambo, amene ankagwira ntchito m'fakitale, moti malaya awo ankanunkhira tiyi ngakhale Lamulungu atachapidwa. Munali amayi, othyola masamba m'munda wa esiteti. Munali azakhali Feliya, mchemwali wawo wa abambo, amene anawoloka Muloza nthawi ya nkhondo ya kwawo n'kungokhazikika kwathu. Kenako ine Malita, ndi mlongo wanga wamng'ono Lafayelo, kamwana ka zaka zitatu, kamimba patsogolo, kokonda kubwereza mawu alionse amene kamva.

M'mawa uliwonse, saileni ya kufakitale isanalire, amayi ankaphula chinangwa n'kuchigawira pa chivundikiro cha poto. Sankagawa mwakachetechete ayi. Ankanyema chidutswa n'kutchula mwini wake: ichi cha bambo ako, ichi cha azakhali ako, ichi chako, ichi changa, ichi cha Lafayelo. Cha Lafayelo ankayamba achichotsa kamtsitsi kapakati kaja kuti kasamutsamwe, n'kuchiuzira mpaka chizizire. Ife ena tinkadzichotsera tokha, tikulavula uku tikuthamanga.

Sukulu za pulayimale zinali zitangokhala zaulere, ndiye ana tinabwera ochuluka zedi, makalasi osakwana. Ife a Sitandade 1 tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa ku thunthu. Mphunzitsi wathu anali Mayi Saidi, mayi wamfupi, Msilamu, wochokera ku Chonde kumene bambo awo anali ndi sitolo ya nsalu. Ankabwera pa njinga, mpango wawo wakumutu ukuuluka kumbuyo. Tonse tinkangowatcha Madamu.

Masamu a masiku amenewo anali nyimbo. Kalasi ina ya Sitandade 1, imene inali pansi pa mtengo woyandikana ndi wathu, inkayimba wani, thuu, fili, folo mpaka handiredi, m'mawa wonse, mawu akumveka mpaka kumsewu. Makolo odutsa ankagwedeza mutu mokondwa kuti ana akuphunzira. Tsiku loyamba Madamu anatilola kuyimba kamodzi kokha. Titamaliza anatambasula dzanja n'kunena kuti, "Mwayimba bwino kwambiri. Tsopano ndani andiikire fili m'manja muno?"

Tinangoyang'anana. Fili anali mawu apakati pa thuu ndi folo, basi. Kuti angakhale chinthu choika m'manja mwa munthu, palibe anali ataganizapo.

Tsiku lomwelo anatitenga kupita kumapeto kwa munda, kumene kunali mitengo ya tiyi yakalekale imene inasiyidwa osadulira mpaka inatalika kuposa nyumba. Pansi pake panali mbwee njere zake, zobulungira, zofiirira, zosalala m'manja. Aliyense anatola zodzaza thumba la yunifolomu. Ana a pamsika, amene ankadziona ngati a m'tauni, anabweretsa zitsekerero za mabotolo, koma ife a m'malaini njere zathu zinkatikwanira. Kuyambira pamenepo lamulo linali limodzi: gwira chimene ukuwerenga. Chinthu chimodzi, chala chigwire kamodzi, pakamwa patuluke nambala imodzi. Ndipo nambala imene wamalizira ndiyo ikukuuza kuti zonse pamodzi zilipo zingati. Makolo ena ankadandaula kuti ana a Mayi Saidi amangosewera ndi njere pamene anzawo afika pa handiredi. Iwo zimenezo sankazilabadira.

Ine zinandilowa m'magazi. Abale, ndinasangalala! Dziko lonse linasanduka la manambala. Tsiku lina Lachisanu Madamu anati, "Mukapita kwanu mukawerenge chilichonse. Mbale, nkhuku, zitseko, chilichonse." Ine ndinayambira panjira pomwepo. Ndinawerenga mitengo ya bulugamu, ndinawerenga mabasiketi a othyola masamba, ndinawerenga ngakhale mabala a m'miyendo mwanga.

Lamulungu titabwera kutchalitchi, tonse tinakhala pakhonde. Inali nthawi ya mvula, amayi ndi azakhali akusadzula nkhwani, abambo akukonza nsapato. Ndinayang'anayang'ana chimene ndinali ndisanawerenge, ndipo ndinachipeza. Ndinanyamuka n'kugwira mutu wa abambo: wani. Anaseka. Mutu wa amayi: thuu. Wa azakhali: fili. Wanga: folo. Ndinamalizira pa kamutu kometedwa ka Lafayelo: faifi! Iye anawomba m'manja n'kuyamba kulumpha. "Faifi! Faifi!"

Mbama imene azakhali anandiwomba ndinaimva m'khutu mpaka madzulo.

"Iwe mwana, wapenga? Anthu amawerengedwa ngati mbuzi? Ukufuna tichepe m'nyumba muno?"

Zotsalazo anazinena m'Chilomwe, chifukwa akapsa mtima Chichewa chinkawathawa. Anamukoka Lafayelo n'kumupukuta m'mutu ndi nsalu yawo, pamene chala changa chinagwira, ngati ndamupaka zonyansa. Abambo anati, "Musiyeni mwana, achemwali, ndi za kusukulu izi." Amayi anangopitiriza kusadzula. Nkhani inathera pomwepo. Lafayelo yekha ndi amene anaisunga, chifukwa kuyambira tsiku limenelo ukamufunsa dzina ankati ndi Faifi.

Mvula isanathe, thupi lake linatentha. Amayi anapita naye kukiliniki ya esiteti, kenako anawatumiza kuchipatala cha ku Boma. Anali malungo, aja okwera kumutu. Ndikukumbukira amayi akutsika galimoto ya esiteti, nsalu imene ankamuberekera ataipinda m'manja.

Pa maliro palibe amene anandiloza chala. Azakhali sananene kanthu kwa ine, tsiku limenelo kapena pambuyo pake. Koma ine ndinkadziwa chimene ndinkadziwa. Ndinawerenga anthu, ndinamalizira pa iye, ndipo tinachepa monga ananenera azakhali. Ndinkayang'ana chala changa chamkombaphala ichi n'kumachiopa. Sindinauze munthu aliyense. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri angayambire pati kuuza mayi ake kuti ndine ndinapha mwana wanu?

Panyumba zinthu zinazizira. Amayi ankagawabe chinangwa m'mawa, koma mayina anasiya kutchula. Ankangonyema n'kuika, kunyema n'kuika, aliyense n'kutola chake. Ndikamanyamuka ankandipatsira china m'manja n'kunena kuti, "Tenga, ukadye kusukulu." Ndinkaganiza kuti akundimvera chisoni poti ndatsala ndekha. Ndinkadya ndithu, osafunsa.

Kusukulu ndinapeza nzeru yanga. Kuyimba manambala ndinaona kuti kulibe ngozi, poti nyimbo imangopita m'mwamba, sigwera pa munthu. Ndiye ndinkayimba mokweza kuposa aliyense. Kulemba manambala pansi ndi kamtengo, ndinkalemba okongola. Koma Madamu akangoti tulutsani njere, ine manja m'khwapa. Ankandinyengerera, ine duu. Anandisuntha kundikhazika kutsogolo, ine duu. Anzanga anayamba kuphatikiza, njere ziwiri uku, imodzi uku, n'kuzikankhira pamodzi. Ine ndinkayang'ana nyerere. Pa mayeso a teremu masamu ndinalephereratu.

Abambo sanali munthu wankhanza, koma chaka chimenecho anali otopa mumtima. Anandiitana pakhonde n'kunena mosakweza mawu kuti, "Malita, a kalaliki akufuna mwana wowalerera khanda. Ngati sukulu yakukana, sindikukakamiza. Ukalephera chaka chino, ukayamba kumeneko."

Ndinkawadziwa atsikana olera ana kunyumba za makalaliki. Tinkawadutsa m'mawa ataima pampanda, mwana kumbuyo, akutiyang'ana ife tikupita kusukulu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwererako m'kalasi. Ine sukulu ndinkaikonda koopsa, ndinkakonda fungo la choko, ndinkakonda Madamu. Koma ndinaganiza mwa ine ndekha kuti kuli bwino ndikabereke mwana wa eni kusiyana ndi kuti chala changa chichotsenso wina. Nanga akanakhala amayi?

Kenako kunabwera chiperoni, kamvula kaja kosalekeza, kozizira mpaka m'mafupa, phiri lonse litabisala. Tinkakhala pansi pa mango titaunjikana, ena atafunda matumba a feteleza. M'mawa wina Madamu anatigawa m'magulu n'kunena kuti gulu lililonse lisankhe mmodzi awerenge anzake. Gulu lathu linasankha Amidu, mnyamata wa pamsika, wodzitama ndi zitsekerero zake. Anayamba kuzungulira akugwira mitu. Wani. Thuu. Ndinaona chala chikubwera kwa ine. Sindinaganize n'komwe. Ndinachiluma, ndipo ndinaluma zenizeni.

"Mayo! Madamu, Malita wandiluma!"

Kalasi yonse inasokonekera. Madamu anatsuka chala cha Amidu, anachimanga ndi kansalu, anamutonthoza. Ine anangonditembenukira n'kuti, "Pa buleki usachoke."

Ndinadziwa kuti lero ndiye chikwapu chandipeza. Anzanga atabalalika, ndinaima nditatambasula kale dzanja. Iwo analiyang'ana dzanjalo n'kuikamo theka la chitumbuwa chimene anatulutsa m'chikwama. Anandiuza kuti ndikhale pa muzu, pambali pawo. Tinadya, madontho akutigwera kuchokera m'masamba.

"Amidu wakulakwira chiyani?"

"Amafuna kundiwerenga."

"Munthu akawerengedwa amatani?"

"Amafa."

Mawu amenewo atangotuluka, zonse zinatsatira, pamodzi ndi mamina ndi misozi. Ndinawauza za pakhonde, za mbama, za Faifi. Madamu kumaliro kuja anabwera, ankadziwa kuti tinataya mwana, koma izi sankazidziwa. Anayang'ana kumene kunayenera kukhala phiri. Kenako ananena motsitsa, ngati akudziuza okha, "Ndipo ndinakutuma ndine."

Chimene ndimawalemekezera mpaka lero n'chakuti sanandiuze kuti azakhali ako ndi abodza, kapena kuti zimenezo ndi zachikale. Akanatero sindikanawakhulupirira, chifukwa ine umboni ndinali nawo, uli kumanda. M'malo mwake anakhuthula chikwama chawo n'kupeza kachitini kopanda kanthu ka mafuta odzola. Anatola njere za tiyi pansi n'kuziyala pa nsalu yawo, pamiyendo.

"Izi si anthu. Zilibe mayi, zilibe mlongo. Zikafa tikatola zina kumunda. Tawerenga."

Ndinakana. Anadikira. Belu linalira, anzanga anabwerera, iwo anawapatsa zolemba n'kubweranso kudzakhala pa muzu paja. Pomaliza ndinatulutsa chala m'khwapa n'kugwira njere imodziimodzi. Zinali zisanu. Pofika pa yomalizayo ndinangonong'ona.

Anaziika m'kachitini, anatseka, n'kukaika m'mphako ya mtengo wa mango. "Mawa m'mawa ubwere anzako asanafike. Tidzaone ngati zachepa."

Mawa lake ndinafika mame asanaume. Faifi. Tsiku linalo, faifi. Madamu ankasintha kayalidwe. Lero aziyala motalikirana mpaka mzere utalike, n'kundifunsa ngati zachuluka. Ine ndinkati eya, zachuluka, poti maso ankandiuza choncho. "Tawerenga." Faifi. Mawa aziunjika pamodzi kuti zioneke zochepa. Faifi. Ankandiuza ndiyambire kumanja, ndiyambire kumanzere, ndiyambire pakati. Tsiku lina anandiuza kuti njere imene dzulo ndinamalizira ndiyambire iyo. Inakhala wani, ndipo ina ndi imene inakhala faifi.

"Waona? Faifi si dzina la njere iyi. Iliyonse ikhoza kukhala pomalizira. Faifi ndi zonsezi pamodzi."

Zimenezo zinandikhala m'mutu tsiku lonse. Ndinaganiza za kamutu kometedwa kaja. Ndikanayambira kwa iye, bwenzi iye ali wani.

Ndinayamba kuzolowera, mwinanso kunyada pang'ono. Ndiye m'mawa wina ndinatsegula kachitini, ndinayala, ndinawerenga. Wani, thuu, fili, folo. Chala chinatsala m'mwamba, chopanda pogwera. Ndinawerenganso. Folo. Ndinaponya kachitini uko n'kuyamba kukuwa kuti mwaona, mwaona, ndinakuuzani ine!

Madamu anandigwira paphewa, anagwada kuti maso athu alingane, n'kufumbatula dzanja lawo lamanzere. Njere inali mmenemo.

"Masiku onsewa wakhala ukuwerenga. Zinachepa?"

"Ayi."

"Lero zachepa chifukwa chiyani?"

"Mwachotsa ndinu!" Ndinayankha mokwiya, chifukwa anandiopseza kwambiri.

"Eya, ndachotsa ndine. Zinthu zikachepa, pamakhala chimene chabwera kudzachotsa. Dzanja, kaya khoswe, kaya mphepo. Chala chowerenga sichichotsa kanthu, Malita. Chimangokuuza zimene zilipo."

Njere ija sanaibwezere m'gulu, komanso sanaibise. Anaiika pambali pang'ono, pa nsalu pomwepo. Anandifunsa kuti apa zilipo zingati. Folo. Nanga apa? Wani. Anazunguliza chala kuzungulira zonse, zinayi zija ndi imodzi ija. Nanga zonse? Ndinawerenga, kudumpha kampata kaja. Faifi.

"Imene tachotsa sinasanduke mphepo. Yangokhala pambali. Faifi ndi folo ndi wani."

Imeneyo inali samu yanga yoyamba yochotsera, ndiponso yoyamba yophatikiza, zonse pa nsalu imodzi. Sindinalembe kanthu tsiku limenelo, koma palibe samu ina imene ndinaimvetsa kuposa imeneyo.

Komabe njere ndi njere. M'kalasi ndinayamba kugwira njere, koma mutu wa munthu ayi. Madamu anadziwa. Tsiku lina poweruka anandiitana, anawerama, anatenga dzanja langa n'kuliika pa mpango wawo.

"Ndiwerenge."

Ndinayesa kulanda dzanja, koma mayi wamfupi uja anali ndi mphamvu. "Ndiwerenge, ndakupempha ndine. Zikavuta mlandu ndi wanga."

"Wani," ndinatero, maso nditatseka.

"Zikomo. Tionana mawa."

Kalanga ine, mawa lakelo! Ndinafika msanga monga mwa masiku onse. Madamu kulibe. Belu linalira, tinafola, tinaimba, tinapita pansi pa mango. Madamu kulibe. Mayi amene sanachedwepo chiyambire chaka! Anzanga anayamba kusewera, kukondwa kuti lero kulibe sukulu. Ndinanyamuka osauza munthu n'kuthamangira kumsewu waukulu, kumene njinga yawo inkatulukira. Chiperoni chinali chitabwereranso. Ndinaima pamenepo ndikupemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ena osamaliza. Munthu aliyense wotuluka m'nkhungu ndinkati ndi iwo, n'kupezeka kuti ndi wogulitsa nkhuni.

Kenako ndinaona kamunthu kakafupi kakukankha njinga, nsalu yonse matope. Ndinathamanga n'kuwakumbatira m'chiuno mwamphamvu moti njinga inagwa.

"Iwe, ukutani pamsewu mvula yonseyi?"

"Ndimayesa mwafa!"

Anaseka mpaka anagwira mawondo. "Tcheni chandidukira pamlatho. Kapena tcheninso unachiwerenga dzulo?" Kenako anasiya kuseka, anandipukuta kumaso ndi nsonga ya mpango, n'kuweramitsa mutu. "Tawerenganso."

"Wani."

"Dzulo ndinali angati?"

"Wani."

"Basi, dzutsa njingayo tizipita, anzako akutha kumenyana uko."

Sipanapite nthawi yaitali, m'mawa wina kunyumba, amayi anaphula chinangwa monga mwa nthawi zonse. Tinali tonse m'kakhitchini chifukwa cha kuzizira, abambo akumanga nsapato, azakhali akuwotha manja. Amayi ananyema, anaika, ananyema, anaika. Kwa miyezi yonse ija ndinkapewa kuyang'ana pa chivundikiro kuopa kuti maso angawerenge okha. Tsiku limenelo ndinayang'ana. Ndinatulutsa chala n'kugwira m'mphepete mwa chivundikiro, pafupi ndi chidutswa chilichonse, chamumtima. Zinali zisanu.

Abambo anatola chawo. Azakhali anatola chawo. Amayi chawo, ine changa. Chinatsala chimodzi. Ndinachiyang'anitsitsa. Chinali chochotsedwa kale kamtsitsi kapakati. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kuti chinangwa chimene ndinkadya pa buleki masiku onse aja sindinalavulepo kamtsitsi ngakhale kamodzi.

"Amayi, chatsala chimodzi."

"Sichinatsale," anatero osandiyang'ana. "Ndi cha Lafayelo. Dzanja limangonyema lokha. Likafika pa iye silidumpha."

Ine ndinaona kuti ndikapanda kunena tsopano sindidzanenanso.

"Amayi, ndinamuwerenga ndine. Pakhonde paja. Azakhali anati tichepa, ndiye tinachepadi. Koma Madamu akuti chala sichichotsa. Ndiye ine sindikudziwa."

Azakhali anachotsa manja pamoto. "Pakhonde pati? Liti?" Anali ataiwala, anthuni! Mbama imene ine ndinaisenza miyezi yonse ija, mwini wake anali ataiiwala kalekale. Abambo atawakumbutsa, anagwira pakamwa n'kuyamba kulira, akuyankhula Chilomwe chokhachokha.

Amayi anaika mpeni pansi. Anandikokera pakati pa miyendo yawo n'kugwira chala changa chija m'manja mwawo, manja okhakhala ndi masamba a tiyi.

"Malita, tamvera. Mwana wanga anatengedwa ndi malungo. Anali m'manja mwanga ine, ndinaona ndi maso angawa. Chala chako chikulowa pati? Kukanakhala kuti kuwerenga kumapha, bwenzi nonsenu mutatha kalekale. Ine ndimakuwerengani m'mawa uliwonse pa chivundikiro ichi."

Ndinachita chokhacho chimene ndinkachidziwa. Ndinabwezera changa pa chivundikiro, ndinatenga cha amayi, cha azakhali, ndi cha abambo chimene anali ataluma kale, n'kuziika pamodzi. Cha Lafayelo ndinachisunthira pambali pang'ono.

"Apa folo. Apa wani. Zonse faifi."

Amayi anayang'ana pa chivundikiro. "Eya," anatero. "Ndi mmene tiliri."

Saileni inalira. Abambo anatola chinangwa chawo n'kutuluka mofulumira, akupukuta kumaso ndi chipewa. Amayi anandipatsira chachisanu chija m'manja monga mwa masiku onse. "Tenga, ukadye kusukulu. Uchedwa."

Kwa a kalaliki sindinapiteko. Chaka chimenecho ndinakhoza, ndipo Amidu anandikhululukira nditamutolera njere zodzaza chitini, ngakhale chipsera anali nacho mpaka tinamaliza pulayimale. Mayi Saidi anasamutsidwa ndili Sitandade 3. Ndinamva kuti anapuma ntchito, koma sindinakumane nawonso, ndipo zimandipweteka kuti sindinawathokoze ndili munthu wamkulu. Mtengo wa mango uja anaudula, pali kalasi ya njerwa tsopano.

Lero ndimasoka zovala pa Chitakale, tepi m'khosi tsiku lonse. Mwana wanga wamng'ono atayamba sukulu anabwera akuyimba manambala mpaka handiredi, anthu pakhonde la shopu akumuwombera m'manja. Ine ndinamusiya amalize, kenako ndinatambasula dzanja n'kuti, "Wayimba bwino. Tsopano tandiikira fili muno." Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinakhuthula chitini cha mabatani patebulo, ndipo tinayamba.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti mwana akhoza kuyimba manambala onse molondola ali ndi zinthu zoopsa m'mutu zokhudza manambalawo, ndipo woyimbitsa sangadziwe. Ndikanakhala m'kalasi ya mtengo winawo, ndikanakhala nambala wani pa kuyimba, ndipo mantha anga ndikanakula nawo. Madamu anandigwira chifukwa masamu awo ankafuna manja, ndipo manja anga anali m'khwapa. Atandigwira sanandipatse yankho loti ndiloweze. Anandisiya ndigwire ndekha, m'mawa ndi m'mawa, mpaka chala changa chomwe chinandiuza kuti chilibe mlandu.

Amayi akalipo, akalamba, amakhala ndi ine. Maso awo afooka ndipo chinangwa ndimagawa ndine. Makasitomala akamacheza nawo n'kuwafunsa kuti kunyumba kwanu kuja munalipo angati, iwo amaloza ine kuti ndiyankhe. Abambo anapita, azakhali anapita. Ine ndimati tinalipo asanu, ndipo tilipobe asanu. Awiri tili pano, atatu ali pambali.